Mafunso Anu: Msewu wa pa Lizulu udakhala bwanji malire a maiko awiri?

Mwezi uno talandira makalata angapo ofunsa za msewu umodzi womwewo, wa M1, pachigawo chake chodutsa pa Lizulu m'boma la Ntcheu, choncho tawaika pamodzi kuti mayankho ake azithandizana.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale ndipo ndakhala pa Lizulu zaka 6. Ana a m'kalasi mwanga amandifunsa kawirikawiri chifukwa chimene msewu waukulu wodutsa pamsika pathu pano uli malire a Malawi ndi Mozambique, moti munthu akangowoloka phula kukagula anyezi amakhala kuti watuluka m'dziko. Akuluakulu ena amati azungu adayamba alambula msewu kenako n'kugawana dziko potsata msewuwo, pomwe ena amati Kamuzu ndiye adaukankhira kumalire dala. Zoona zake ndi ziti? Mphunzitsi, Lizulu.

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo mukawauze kuti magulu onse awiri a akuluakuluwo aphonya, ngakhale kuti oyambawo ayandikirako pang'ono. Malire ndi msewu, zonse ziwiri zidatsata chinthu chimodzi chimene chidalipo kale mzungu asanaponde dziko lino, ndicho msana wa mtunda umene Lizulu wakhalapo.

Tsiku lina mvula yamphamvu ikadzagwa mudzaime pakhonde la golosale n'kuyang'anitsitsa kumene madzi akulowera. Amene agwa kum'mawa kwa mtundawo amatsetserekera m'mitsinje yotsikira kuchigwa cha Bwanje, monga Livulezi, mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi, ndipo kummwera pang'ono, cha ku boma la Ntcheu, amatengedwa ndi Rivirivi kupita ku Shire. Amene agwa kumadzulo amalowa m'mitsinje ya m'boma la Angonia, imene yambiri imakathera mu Revubue, mtsinje umene umakakumana ndi Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete. Madontho awiri ogwa motalikirana mapazi owerengeka okha amatha kusiyana njira pamenepo, lina kukafika kunyanja, lina ku Tete.

Mzere wogawa madzi umenewu ndi umene Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana kuti ukhale malire awo. Pangano lawo lidasainidwa ku Lisbon pa 11 Juni 1891, patangotha mwezi umodzi Britain atalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, ndipo lidati kumadzulo kwa Shire malire azitsata pamene madzi opita ku Zambezi amasiyanirana ndi opita ku Shire, kenako ndi opita kunyanja. Kwa nduna zokhala patebulo ku Ulaya imeneyi idali njira yachidule, chifukwa sizidafunikire kudziwa dzina la mudzi ngakhale umodzi kapena kufunsa kuti manda a makolo a yani agwera mbali iti. Pa nthawi imeneyo msewu wa galimoto kudalibe, ndipo galimoto yeniyeniyo idali isanafike m'dziko muno. Oyeza malo adabwera m'zaka zotsatira kudzafufuza msana wa mtundawo ndi kuika zizindikiro za malire.

Eni dziko sadafunsidwe. Angoni a Maseko adakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870 motsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo ulamuliro wa Chikuse, ndi wa mwana wake Gomani pambuyo pake, udafika mbali zonse ziwiri za mtundawo. Mzere wa 1891 udadula ufumuwo pakati, moti Domwe adatsala kwa Apwitikizi, m'boma limene mpaka lero likutchedwa Angonia potengera dzina la Angoni omwewo, pomwe midzi ina idagwera kwa Angerezi. Gomani woyamba adakana kugonjera atsamunda ndipo asilikali awo adamupha mu Okutobala 1896. N'chifukwa chake mayi wogulitsa kabichi tsidya la phula amayankhula Chichewa chimodzimodzi ndi inu, ali ndi mfunda wofanana ndi wa ana ena a m'kalasi mwanu, ndipo maliro akagwa mbali ya kuno amabwera ndi kamtsuko ka thobwa kudzagona kusiwa monga mbale aliyense.

Tsono msewu udabwera bwanji pomwepo? Aliyense amene adayendapo wapansi nyengo ya dzinja amadziwa kuti njira yodzera m'mbali mwa phiri imakumana ndi mtsinje uliwonse wotsika m'phirimo, pomwe njira yoyenda pamsana siwoloka madzi ambiri, popeza mitsinje imayambira m'munsi mwake. Boma la atsamunda litatsegula maofesi ake ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe, lidafunika njira yolumikiza malo amenewa ndi likulu ku Zomba, yodzeramo amtengatenga osenza katundu ndi makalata komanso onyamula azungu m'machila. Boma limenelo lidalibe ndalama zomangira milatho yambirimbiri, ndipo mlatho wa mitengo unkakokoloka ndi madzi chaka ndi chaka, choncho nzeru yake idali kuyenda pamene pali pouma. Pamalo pouma pamenepo ndi pomwe oyeza malire adali atasankhanso, pa chifukwa chawo china. Ntchito yolambula ndi kukulitsa njirayo inkagwiridwa ndi makasu ndi nkhwangwa, ndi anthu a m'midzi oitanidwa kudzera mwa mafumu, ambiri mwa iwo pofuna kupeza ndalama ya msonkho wa nyumba, ndipo mvula ikatha ankaitanidwanso kudzakwirira maenje ndi kudula udzu. Nawo amishoni a Dutch Reformed Church, amene adayamba akhala kunsi ku Livulezi komwe malungo adawazunza, adakwera mtunda n'kutsegula mishoni ya Mlanda mu 1902, ndipo sukulu ndi tchalitchi zidaonjezera mapazi oponda njira imeneyi.

Njanji yopita kumpoto, imene idafika ku Salima mu 1935, idadzera m'munsi mwa mapiri, ku Balaka, Sharpe Vale ndi Golomoti, popeza sitima sikanatha kukwera mtunda wa Ntcheu ndi Dedza mosavuta. Izi zidachititsa kuti anthu a pamtunda adalire msewu pa chilichonse, kaya potumiza mbewu kusiteshoni kaya ponyamuka ulendo wa ku Joni kapena ku Halale kukafuna ntchito. Udali msewu wa dothi, wafumbi m'chilimwe ndi woterera m'dzinja, ndipo udali udakali choncho pamene dziko lidalandira ufulu mu 1964.

Pali chaka chimodzi chimene ndikanakonda kuti ana anu achidziwe, chifukwa chikusonyeza bwino kupyapyala kwa malire amenewa. Mu 1953, pamene Angerezi ankakakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani, Gomani wachiwiri, amene likulu lake lidali pa Lizulu pomwepo, adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma, kuphatikizapo a malimidwe ndi a msonkho. Boma lidamuimitsa paufumu ndi kutumiza apolisi kuti akamuchotse m'bomalo, koma anthu ake adatchinga, ndipo mfumuyo, idakali yodwala, idawolokera kwa Apwitikizi pamodzi ndi mwana wake Willard ndi mbusa wa Anglican, Michael Scott. Kuthawira kudziko lina kudali kuyenda kamtunda kochepa chabe kuchoka pabwalo la mfumu. Komabe atsamunda a mbali ziwirizi ankamvana pa nkhani zotere, moti Apwitikizi adawabweza kwa Angerezi. Scott adathamangitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani adamwalira mu 1954 kuchipatala cha Malamulo, kutali ndi kwawo.

Mbali ya Kamuzu pa nkhaniyi ndi phula. Boma lake litaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, kudali kosatheka kuti likulu latsopano lizifikidwa pa msewu wa matope, choncho mu 1968 lidapeza ngongole ku World Bank yomangira msewu wa phula wochokera ku Zomba kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza mpaka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 290. Lilongwe adakhala likulu mu 1975. Omanga msewuwo adawongola makhota ena, koma sadauchotse pamsana pa mtunda, chifukwa zimene zidakopa amtengatenga zidakopanso akatswiri owerengera mtengo wa milatho. Kamuzu adaupeza msewuwo uli kale kumalire.

Chenjezo limodzi pomaliza yankho lanu, aphunzitsi. Anthu amakonda kunena kuti mzere woyera wa pakati pa phula ndiwo malire, ndipo mawuwa amakoma pouza alendo, koma malire enieni ndi zipilala zimene maboma awiriwa adazika ndipo akhala akuziunikanso m'zaka zapitazi. M'malo ena msewu ndi malire zimayendera limodzi, m'malo ena zimasiyana, n'kutsala minda ndi nyumba za Amalawi kumadzulo kwa phula. Ndikanakhala inu ndikanatenga anawo tsiku lina kukaona chipilala chimodzi choyandikira, atapempha kaye kwa mfumu ya deralo.

FUNSO: Ndili mtsikana, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, tinkayenda pabasi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, ndipo ndimakumbukira kuti tikadutsa Dedza mbali ya kumanja kunkaoneka nyumba za njerwa zopanda madenga, zina zili ndi mabowo m'makoma, pomwe kumanzere kudali timisasa tambirimbiri. Mayi anga ankangoti ndi nkhondo, osafotokoza zambiri. Nyumba zimenezo zidali za yani? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, zimene mudaona pazenera la basiyo zidali zotsalira za nyengo ziwiri. Zambiri mwa nyumba za njerwazo zidali masitolo ndi nyumba za amalonda a m'nthawi ya Apwitikizi, amene adamanga moyang'ana msewu podziwa kuti ogula ambiri adali mbali ya kuno, popeza msewu wabwino ndi magalimoto odutsa zidali za Nyasaland. Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975 Apwitikizi ambiri adachoka, ndipo patangopita zaka zochepa nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo idayamba. M'boma la Angonia nkhondoyo idakula kwambiri pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene masitolo adatenthedwa, malata n'kusasulidwa, zitseko ndi mafelemu a mazenera n'kuzulidwa, kutsala makoma okhaokha amene mudawaonawo.

Timisasa ta kumanzere tidali ta eni midzi ya tsidya lija. Kuyambira 1986 anthu othawa nkhondo adakhamukira m'dziko muno mwaunyinji, ndipo pofika 1992 chiwerengero chawo chidapitirira 1 miliyoni, pomwe kalembera wa 1987 adapeza kuti dziko lonse lidali ndi anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ntcheu ndi Dedza adali ena mwa maboma amene adalandira anthu ochuluka kwambiri, koma mosiyana ndi madera ena komwe othawa nkhondo ankaikidwa m'misasa ya boma, kuno ambiri adangowoloka msewu n'kupempha malo kwa mafumu ndi kwa abale awo, amalume, apongozi ndi asuweni, n'kumanga m'midzi momwemo. Munthu amatha kuima pakhomo pa msasa wake n'kumaona munda wake ndi mitengo yake ya mapichesi tsidya linalo, ndipo olimba mtima ankazemba m'mamawa kukalima n'kubwerako dzuwa lisanapendeke, ngakhale kuti ena sadabwerenso. Pa zaka zimenezo phula lopapatiza lomwe lija lidali kusiyanitsa malo amene munthu angagone tulo ndi malo amene sangagone.

Mabungwe a United Nations ankagawa ufa, nyemba, mafuta ophikira ndi mchere, ndipo gawo lina la chakudyacho linkasinthanitsidwa m'misika ya m'mbali mwa msewu ndi ndiwo zamasamba, sopo ndi nkhuni. Kuchuluka kwa anthu kudakulitsa misika imeneyi, koma kudamalizanso mitengo m'mapiri oyandikira, chifukwa banja lililonse linkafuna milimo ndi nkhuni. Msewu nawo udasenza katundu amene sudamangidwire, popeza pofika 1984 njanji zopita kumadoko a Beira ndi Nacala zidali zitaleka kugwira ntchito kaamba ka nkhondo yomweyo, ndipo mafuta, feteleza ndi fodya zidayamba kuyenda pa malole akuluakulu.

Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, ndipo m'zaka zitatu zotsatira anthu ambiri adabwerera kwawo, ena atasenza pamutu mitengo ya denga la msasa wawo. Mukadutsako lero mupeza kuti mabwinja ambiri adakonzedwa kapena kugwetsedwa, ndipo pamalo pake pali magolosale ndi malo omwera. Mbatatesi, kabichi ndi tomato zambiri zimene zimadzaza msika wa Lizulu zimachokera m'minda ya mbali zonse ziwiri, ndipo wogula amene waimitsa galimoto yake safunsa kuti thumba ili lalimidwa dziko liti.

FUNSO: Ine ndimagulitsa mbatatesi ndi karoti m'mphepete mwa msewu, ndipo makolo anga ankagulitsanso pomwepa. Nthawi ndi nthawi timauzidwa kuti tisunthe chifukwa malowa ndi a msewu. Msewuwu udatipeza kapena tidaupeza? Ndipo ndalama zimene madalaivala amalipira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zimatipindulira chiyani ife a pakati? Wamalonda, Lizulu.

YANKHO: Bambo, midzi ya Angoni idalipo msewu usanabwere, pamenepo simukunama, koma msika wa m'mphepete mwa phula ndi mwana wa msewuwo, chifukwa udakula potsata magalimoto. Ndidaimapo pamsika panu m'mawa wina wa Juni, chifunga chili tolo, ndipo basi itangoima amayi ndi anyamata adaizinga mbali zonse, mabeseni a tomato ndi mitolo ya karoti zili m'mwamba kulunjika mazenera, wina akuthamangira chenji basiyo itayamba kale kuyenda, lole ya mafuta ikuimba hutala kumbuyo. Malonda otere sangachitike mamita 200 kuchoka pamsewu, ndipo amene amakuuzani kuti musunthe ayenera kuvomereza zimenezi poyamba.

Komabe lamulo lilipo ndipo lili ndi chifukwa chake. Kwa zaka zambiri lamulo la misewu lakhala likunena kuti pa msewu waukulu ngati M1, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu, osayenera kumangapo kapena kuyalapo malonda. Malowo amasungidwira ngalande, kukulitsa msewu m'tsogolo, ndiponso kuti galimoto imene yaduka mabuleki ipeze kothawira kopanda anthu. Anthu a m'boma la Ntcheu sadaiwale ngozi ya pa Kampepuza, pamsewu womwewu, pomwe lole idalowa pakati pa anthu a pamsika n'kupha ambiri nthawi imodzi. Maganizo anga ndi akuti kuthamangitsa amalonda popanda kuwakonzera malo oimikapo mabasi ndi magalimoto pafupi ndi mabenchi awo n'kutaya nthawi, chifukwa apolisi akangochoka aliyense amabwerera pamene pali ogula. Chimene komiti ya msika wanu ingapemphe kukhonsolo ndi malo oimikapo magalimoto otakasuka kunja kwa phula, kuti wogula ndiye azipatuka kukupezani.

Za ndalama zija, zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke ndi zoyamba m'dziko muno. Cha pa Chingeni chidayamba kugwira ntchito mu Novembala 2021 ndipo cha pa Kalinyeke chidatsatira kumayambiriro kwa 2022. Ndalamazo zimatoleredwa ndi Roads Fund Administration, bungwe limene limasunganso msonkho wa misewu wochokera pa mafuta a galimoto, pomwe ntchito yoyang'anira kamangidwe ndi kakonzedwe ka misewu ikuluikulu ili m'manja mwa Roads Authority. Mabungwe awiriwa adakhazikitsidwa ndi malamulo a 2006. Cholinga chimene chidanenedwa potsegula zipatazo n'chakuti ndalamazo zizikonzera msewu, ndipo popeza Lizulu ali pakati pa zipata ziwirizi, galimoto iliyonse yochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre imene imaima pamsika panu imalipira kawiri pa ulendo umodzi. Muli ndi chifukwa chokwanira chofunsira, kudzera kwa khansala ndi phungu wanu, kuti maenje akwiriridwe msanga, m'mbali mwa phula mukonzedwe ndipo zikwangwani zochepetsa liwiro zizioneka.

FUNSO: Kodi dzina loti Lizulu lidachokera kuti, ndipo munthu angathe kulowa mu Mozambique pomwepo popanda chiphaso? Wophunzira wa sekondale, Balaka.

YANKHO: Angoni a kwa Gomani amafotokoza kuti dzinali ndi chidule cha mawu achingoni akuti Lizwe la Zulu, ndiye kuti dziko la Azulu, pokumbukira kumwera kumene makolo awo adachokera m'zaka zoyambirira za m'ma 1800. Malowa ndi likulu la Inkosi ya Makosi Gomani, ndipo dzinalo lidafalikira kumsika ndi pamalo okwerera basi.

Kuwoloka phula kukagula zinthu pamabenchi a tsidya lija n'kubwerera ndi zimene anthu a m'deralo amachita tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amawafunsa kanthu. Koma ngati ulendo wanu ndi wolowa mkati, monga kupita ku Ulongue, tauni imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho, kapena ku Tete, muyenera kudzera pachipata chovomerezeka, cha pa Biriwiri kufupi ndi boma la Ntcheu kapena cha ku Dedza choyang'anizana ndi Calomue, muli ndi pasipoti kapena chiphaso cha pamalire, ndipo mukadinditse musanapitirire.